Akazi Awiri a Bambo

Bangwe, Blantyre
9 Julayi 2024

Okondedwa Mayi,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu Emma ndi onse a pakhomo pano. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kupita kumunda, kapena mukungolikakamiza monga mwa masiku onse? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse, zochapa sizikuuma, ndipo mdzukulu wanu Brenda akutsokomola pang'ono, koma kusukulu sanajombe.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni sitikumvana. Ndikangotchula Bambo, mumati netiweki yavuta, foni n'kuduka. Netiweki ya kwathuko ndimaidziwa bwino, Mayi, sivuta tikamakamba za mtengo wa mpunga. Kalatayi ndapatsira Alli, wogula mpunga uja, akuti afika kumeneko mawa masana. Valani magalasi anu muwerenge nokha, musampatse mng'ono wanga Fanny, muli nkhani za akuluakulu.

Ntchito yosoka ikuyenda. Sukulu ina ya kuno yandipatsa mayunifomu makumi anayi, moti ndatenga mayi wina woti azindithandiza kusoka mabatani. Makina aja anandivuta masiku awiri, ankangodula ulusi, koma bambo a Brenda anawamasula n'kuwathira mafuta, pano akuyenda ngati atsopano. Madzi ndiye akubwera mwa apo ndi apo. Mpunga munatumiza uja watsala pang'ono. Tsiku lililonse ndikauphika, anzanga a pa lendi amayamba kudutsadutsa pakhomo ndi moni wosatha.

Tsopano ndilowe m'nkhani imene mumaidulira foni. Bambo ali kuno, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Achimwene a Jafeti atawakweza minibasi ku Zomba anandiimbira n'kundiuza zonse: kuti munawatulutsira zovala m'thumba, kuti akhala akugona m'nyumba yosungira mpunga, ndiponso kuti mwatuma amalume kuti ankhoswe akumane Loweruka likubwerali. Anandiuzanso milandu itatu imene mwawasungira. Woyamba, kuti mukamawalankhula amatembenuza nkhope n'kumakuyang'anani cham'mbali, nkhopeyo italoza kunyumba kwa Farida, mayi woyandikana nafe uja. Wachiwiri, kuti usiku amangotulukatuluka. Wachitatu, umene unakupsetsani mtima kwambiri, kuti tsiku lina mukupeta pabwalo ananena ndi pakamwa pawo kuti akuona akazi awiri pakhomo, ndipo mutafunsa kuti wachiwiriyo ndani, anaseka n'kuyankha kuti ndi wofanana nanu.

Ndisakunamizeni, nanenso nditamva ndinapsa mtima. Mtima wanga ndi wanu womwewo. Ndinapita kukawachingamira ku Limbe nkhope ili gwa, ndipo m'minibasi yobwera ku Bangwe sitinalankhulane kupatula moni. Titafika ndinawakhazika pampando, ndinagwada n'kuyamba kuwafunsa kuti zaka makumi atatu ndi zisanu zonsezi, lero ndiye aone kuti Mayi sakukwanira? Ndikulankhula choncho, iwo nkhope anaitembenuzira kukhoma n'kumandiyang'ana cham'mbali. Ndinangoti basi, chipongwe chija chandifikira ndi ine.

Chimene chinanditsekula m'maso ndi tiyi. Ndinawaikira kapu patebulo, iwo anawongola nkhope, n'kutambasula dzanja. Dzanjalo linapita pambali pa kapu n'kugwira mphepo. Anayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu anatsinzina diso limodzi, n'kuinyamula bwinobwino. Apo m'pamene ndinasiya kuyang'ana mlandu n'kuyang'ana munthu. Mayi, diso la kumanja la Bambo lapendekera kumphuno. Akayang'ana kumanzere, maso onse amayendera limodzi. Akayang'ana kumanja, la kumanzere limapita, koma la kumanja limangofika pakati n'kuima. Ndinachita mantha, ndipo manyazi anandigwira.

M'mawa mwake ndinatseka shopu n'kupita nawo kuchipatala cha maso ku Gulupu. Mzere unali wautali, tinalowa dzuwa lili pamutu. Dokotala wake ndi mayi wachichepere, wofatsa, wolankhula Chichewa chomveka. Anayamba ndi mafunso: zinayamba liti, mutu ukuwawa kapena ayi, anagwapo n'kumenyetsa mutu, akusanza, dzanja kapena mwendo zikuchita dzanzi. Bambo anayankha kuti patha masabata atatu, anangodzuka m'mawa n'kuona mitengo ya mapapaya pabwalo ili iwiriiwiri. Anati chinthu chikakhala patali m'pamene chimagawanika kwambiri, moti padoko pa Kachulu, kunyanja ya Chilwa, anaponda bwato limene kunalibe n'kugwera m'matope mpaka m'chiuno. Nkhani imeneyi inu munaimva? Ine ndinaimvera momwemo, kwa dokotala.

Kenako dokotalayo anatenga cholembera n'kuwauza kuti achitsatire ndi maso okha, mutu usagwedezeke. Anachiyendetsa kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi. Anawaphimba diso ili, kenako linali, n'kumafunsa kuti zolembera zili zingati. Anawaunika ndi katochi kuti aone ngati mwana wa diso akuchepa kukawala, anayang'ana zikope, n'kuwathira mankhwala kuti aone mpaka kuseri kwa diso. Pomaliza anatituma kokayezetsa magazi ndi BP.

Zimene anatifotokozera ndi izi, ndipo ndinamupempha kuti abwereze kuti ndidzakulembereni molondola. Akuti diso lililonse lili ndi timinofu tisanu ndi kamodzi timene timalikokera uku ndi uku, ndipo timinofuto timalamulidwa ndi mitsempha itatu yochokera mu ubongo. Mitsemphayo anaipatsa manambala, 3, 4 ndi 6. Wa nambala 6 ntchito yake ndi imodzi yokha, kukokera diso kunja, cha kukhutu. Kwa Bambo, mtsempha umenewu wa kumanja ndi umene wafooka. Kanofu kokokera kumphuno katsala kopanda kolimbana nako, n'chifukwa chake diso lapita mkati. Maso awiri akasiya kuloza malo amodzi, lililonse limabweretsa chithunzi chakechake, munthu n'kumaona zinthu ziwiri, china apa china pambali pake.

Ndinafunsa za nkhope ija, chifukwa ndi imene inandipweteka ine, ndipo ndikudziwa kuti inakupwetekani inu koposa. Dokotala anaseka pang'ono, n'kunena kuti odwala ake ambiri amatero osadziwa n'komwe. Diso la kumanja likakanika kupita kumanja, munthu amatembenuzira mutu wonse kumanjako, kuti maso aziyang'ana cha kumanzere kumene amagwirizana. Akatero, zinthu ziwiri zija zimabwerera kukhala chimodzi. Ndiye taganizani, Mayi: munthu akakhala pakhonde pathu n'kuyang'ana pabwalo, kudzanja lamanja kuli nyumba ya yani? Nkhope inkapita kwa Farida, inde, koma maso anali pa inu. Ankatero kuti akuoneni muli mmodzi. Likanakhala diso la kumanzere, bwenzi mukuti akusirira khola la mbuzi.

Magazi aja anatuluka ndi yankho la mlandu wachiwiri. Bambo ali ndi matenda a shuga, ndipo BP yawo ndi yokwera. Dokotala anawafunsa ngati amamva ludzu kawirikawiri ndiponso ngati amadzuka usiku kukataya madzi. Anavomera kuti kanayi, mwina kasanu. Akuti shuga akachuluka m'magazi amatero, ndipo ndi yemweyo, pamodzi ndi BP, amene amatseka timitsempha ting'onoting'ono ta magazi todyetsa mtsempha wa diso uja. Bambo anamvetsa msanga kuposa ine. Anati ndiye kuti zili ngati kusikimu ya mpunga ya Likangala kwathuko, ngalande yaing'ono ikadzaza matope, munda wa kumapeto ndi umene umayamba kuuma. Dokotala anati ndi momwemo ndithu.

Mlandu wachitatu ndinaufunsa ndekha tili pabenchi kudikira mankhwala. Ndinati Bambo, mawu oti akazi awiri aja munawanena? Anati ananenadi, ndipo anali kunena zoona: pabwalo panali inu muli ndi lichero, pambali panu inu nomwe muli ndi lichero lina, nonse mutavala chitenje chofanana. Anati anayankha kuti ndi wofanana nanu poganiza kuti mumva kuti akunena za maso. Asanawonjezere mawu, lichero linali litawapeza kale pamsana. Apa sindinawaikire kumbuyo. Ndinawauza kuti nkhani ya matenda sayambira nthabwala, makamaka nthabwala ya mitala, kwa mayi wa Mvano amene akudziwa kuti pafupi pali mkazi wamasiye wamsinkhu wake. Anangoti mmodzi yemweyo amawakwanira mpaka kutsalako, nanga awiri akanawatha? Amayi ena amene anakhala nafe pabenchipo anaseka mpaka kupukuta misozi.

Koma kuseka kutatha anandiuza zimene sananenepo kwa wina aliyense. Anati ankaopa. Ankaganiza kuti khungu layamba, ngati mmene anachitira agogo aamuna, ndipo ankawerenga masiku oti adzayambe kutsogoleredwa ndi ndodo. Tsiku lina ankaganiza kuti wina wawaponyera zinthu chifukwa cha mpunga umene munakolola chaka chino. Anati mwamuna wobwera, wokhala pamudzi pa mkazi, akasiya kuona amatsala ndi chiyani? Ndiye atatulutsiridwa zovala anangoti mwina ndi bwino, achoke asanakhale katundu wanu. Mayi, ine ndinalira pabenchi pomwepo, anthu akuona.

Uthenga wabwino ndi uwu: Bambo sakuchita khungu. Diso lililonse palokha likuona bwino. Dokotala akuti mtsempha ukafooka chifukwa cha shuga ndi BP, nthawi zambiri umadzuka wokha pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ena mpaka isanu ndi umodzi, bola shugayo ndi BP zitsike. Palibe mankhwala othira m'diso amene angaliwongole, choncho aliyense wobwera ndi timabotolo kapena masamba ofinyira m'maso mum'bweze. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anatiuzanso kuti tinachita bwino kubwera, chifukwa si onse amene vutoli limachokera ku shuga. Ena limabwera atamenyetsa mutu, ena chifukwa cha matenda oumitsa khosi, ena chotupa m'mutu chikamapanikiza mtsempha. Pamzere paja tinali ndi bambo wina woyendetsa njinga yamoto, amene anagwa mwezi watha. Iyeyo mutu amaupendeketsera paphewa, akuti amaona chinthu china pamwamba china pansi, ndipo masitepe amatsika atagwira khoma. Wakeyo akuti ndi mtsempha wa nambala 4. Panalinso mayi wina amene chikope chinagwa n'kutseka diso, mutu ukumuwawa kwambiri. Ameneyo sanamudikiritse, anathamanga naye kokajambula m'mutu, chifukwa akuti nambala 3 ikabwera ndi mutu wotero pamafunika changu. Nditaona zimenezi ndinathokoza Mulungu kuti yathuyi ndi yopepukirapo.

Bambo sanawajambule m'mutu. Dokotala anati pa msinkhu wawo, ndi shuga amene wapezekayu, ndiponso poti china chilichonse chili bwino, ayamba wadikira. Tikaonanenso pakatha mwezi. Ikakwana miyezi itatu diso lisanayambe kusuntha, adzawajambula. Koma anatichenjeza kuti mutu ukayamba kuwawa kwambiri, akayamba kusanza, chikope chikagwa, pakamwa pakapotoka, kapena dzanja likafooka, tisadikire tsiku la pakhadi, tithamangire kuchipatala cha ku Zomba tsiku lomwelo. Diso likadzakana kubwerera lonse, akuti pali galasi lapadera limene amamata pa magalasi kuti zithunzi ziwiri zikumane, ndipo patapita miyezi yambiri angathe kuchita opaleshoni yosuntha kanofu kaja. Bambo atamva za mpeni anati diso lawo ndi lomvera, libwerera lokha.

Pakadali pano akuti aziphimba diso limodzi kuti asamaone ziwiri. Ndawasokera kachigamba ndi nsalu yotsala ya yunifomu, ya buluu, ndi lasitiki wozungulira mutu. Tsiku loyamba ankachita manyazi, koma pano amakhala nako panja akuwothera dzuwa, n'kumacheza ndi alonda a pafupi apa za usodzi wa milamba ngati kuti Chilwa yonse ndi yawo. Ndasoka tiwiri kuti kena kakachapidwa azivala kena. Ndi diso limodzi munthu sadziwa bwino kutalika kwa chinthu, ndiye njinga ndi bwato zayamba zaima. Khasu angagwire, koma chikwanje ayi.

Nkhondo yaikulu ili pa chakudya. Mukudziwa tiyi wa Bambo, masupuni anayi a shuga ndipo supuni yachisanu amati ndi ya alendo. Pano akumwa wopanda kanthu, nkhope itakwinyika ngati akumwa mankhwala a malungo. Mizimbe, zakumwa za m'mabotolo ndi thobwa lothira shuga aletsedwa. Mchere uchepe. Mpunga sanawaletse, koma mbale ikhale yaing'ono, masamba ndi nsomba zichuluke. Atamva za mpunga anafunsa namwino ngati akudziwa kuti akulankhula ndi munthu wa ku Likangala. Mapiritsi ndi a mitundu iwiri, a shuga ndi a BP, ndipo ndalemba papepala nthawi zake. Pa sabata imodzi yokha kutulukatuluka kuja kwachepa, ndipo iwo eni akuti thupi lapepuka. Dzulo adya bwino, aseka ndi Brenda, ndipo anandithandiza kupinda mayunifomu, ngakhale kupinda kwake ndinachita kubwereza.

Sindikunena kuti inu munalakwa kupsa mtima. Masabata atatu munthu akukuyang'anani cham'mbali pakhomo panu pomwe, amayi kumjigo akunong'onezana, ndani akanapirira? Ine ndinalephera kupirira ola limodzi. Bambo analakwa kubisa matenda, ndipo ndawauza. Za Farida ndikusiyirani nokha, mukudziwa mmene mungakonzere. Ine ndikungokumbuka kuti Fanny atadwala chaka chatha, mayi ameneyu ndi amene anagona nanu kuchipatala masiku atatu.

Chinthu china chimene ndaphunzira masiku ano: Bambo akachotsa kachigamba, ndikakhala kumanzere kwawo amandiona mmodzi popanda kukhotetsa khosi. Ndiye ndinasuntha mpando wanga, basi, nkhani zikuyenda. Ndangoti ndikuuzeni, mwina mungadzafune kudziwa mbali yoyala mphasa.

Ndinawapempha kuti akhale kuno mpaka tsiku lobwerera kuchipatala. Malo alipo, ndipo bambo a Brenda anavomera ndi mtima wonse. Akana. Akuti nazale ya mpunga wa chilimwe siidikira munthu, komanso mwamuna woitanidwa ndi ankhoswe sabisala kwa mwana wake. Choncho Lachisanu m'mawa ndiwakweza minibasi ku Limbe, ndipo achimwene a Jafeti akawalandira ku Zomba n'kubwera nawo. Akhala ndi kabuku ka kuchipatala m'thumba la malaya. Muli zonse zimene ndalembazi, ndi chidindo chomwe, kuti amalume akafuna umboni aone okha.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Bambo anena kuti sadzafika pabwalo. Akuti iwo ndi mkamwini, pamudzipo anachita kulandiridwa, ndipo munthu amene watulutsiridwa thumba salowanso yekha ngati mbuzi. Adzatsikira pamphambano, pa mtengo wa bwemba paja, n'kukhala pamenepo. Ndawanyengerera, ndawakalipira, bambo a Brenda ayesanso, koma mukuwadziwa. Akuti akaitanidwa adzalowa. Akapanda kuitanidwa mpaka dzuwa kupendeka, adzapita kukagona kwa alongo awo ku Songani, n'kubwera Loweruka kudzamva zimene ankhoswe agamule, ndipo sadzatsutsa kanthu.

Mayi, musatume Fanny, musatume achimwene. Kuchoka pakhonde kufika pa bwembapo si patali, ngakhale ndi bondo lanulo. Sindikuti mukagwade kapena mukapepese, ayi. Ngati muli ndi mawu owakalipira, ndipo ndikudziwa kuti alipo, mudzawakalipire ali m'nyumba, atakhala pampando wawo. Ndikungopempha kuti mupite mukawauze kuti tiyeni kunyumba. Mudzapeza mdala wovala kachigamba ka buluu, wochepa thupi kuposa mmene munamuonera, atagwira jumbo ya mapiritsi. Ameneyo ndi bambo anga, ndipo masiku asanu ndi anayi onsewa sanagonepo asanafunse ngati mwaimba.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, muwauze kuti ndikuwalemekeza ndipo andikhululukire polowerera nkhani za akulu. Moni kwa mayi aang'ono ndi ana onse, kwa achimwene a Jafeti ndi alamu anga, ndi kwa mng'ono wanga Fanny, amene diresi lake ndimaliza mayunifomu akatha. Moni kwa amayi a Mvano onse. Bambo a Brenda akuti muwasungire matemba ouma, ndipo Brenda akuti agogo abwere adzaone mano ake atsopano.

Ndinawafunsa Bambo ngati ndilembe moni wawo. Anati ndisalembe. Akuti moni wa kwa mkazi wawo sapatsira wogula mpunga, adzapereka okha Lachisanu, akaitanidwa.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Emma